Timing belt ya galimoto yakale: fufuzani musanalizenso injini

Galimoto ikazima yokha ili mkati moyenda, osayamba yadukizadukiza monga imachitira mafuta akamatha, dzanja limathamangira ku kiyi. Zikachitikira pamalo a anthu ambiri, kaya pa Mchesi kaya pa mlatho wa Lilongwe, anyamata sachedwa kufika: "Bwana, ikani mu sekondi tikukankheni." Akukufunirani zabwino, koma akanizeni mwaulemu. Pa galimoto yakale, chimodzi mwa zinthu zoyamba kuziganizira ikazima chonchi ndi timing belt, ndipo pa injini zina kuliza kulikonse kumene mungawonjezere kungapinde valavu imene inali itapulumuka. Yatsani ma hazard, isunthireni pambali ili mu neutral, ikani matrayango, kenako muyambe kufufuza modekha. Kumbukiraninso kuti injini ikazima mabuleki amalimba ndipo chiwongolero chimalemera.

Lamba ameneyu si uja mumamuona mukangotsekula boneti, woyendetsa alternator ndi fani. Uyu amabisala m'chivundikiro kumapeto kwa injini, ndipo ali ndi mano mkati mwake. Amalumikiza crankshaft, chitsulo cha pansi chimene mapisitoni amazungulitsa, ndi camshaft, chitsulo cha pamwamba chimene chimatsekula mavalavu, tizitseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya m'silinda. Crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi, ndipo n'chifukwa chake mavalavu amatseguka pisitoni ikachoka n'kutseka isanabwerere. Lamba akaduka camshaft imaima pomwepo, mavalavu ena amatsala ali otseguka, koma mapisitoni amapitirizabe kukwera ndi kutsika chifukwa matayala akuwakokabe.

Yambani ndi kudziwa injini yanu

Pansi pa boneti, nthawi zambiri pakhoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, pali kachitsulo kolembedwa mtundu wa injini. Ngati munagula galimoto imene yadutsa m'manja ambiri, onaninso zimene zadindidwa pa block, thupi lenileni la injini, chifukwa kuno injini zimasinthidwa ndipo kachitsuloko kangakhale kakunena za injini imene inachoka kalekale.

Galimoto zambiri zimene zadzaza m'misewu ya Lilongwe masiku ano zilibe lamba ameneyu, zimayendera tcheni. Injini ya 1NZ-FE ya mu Probox, Sienta ndi Corolla NZE121, 1KR-FE ya mu Passo ndi Vitz, HR15DE ya mu Tiida ndi Note, L13A ya mu Honda Fit, zonsezi ndi za tcheni. Chizindikiro chosavuta ndi chivundikiro: cha tcheni chimakhala chachitsulo, chomatidwa kuti oyilo asatuluke, pamene cha lamba chimakhala cha pulasitiki wakuda, chomangidwa ndi timabawuti ting'onoting'ono. Ngati yanu ndi ya tcheni, vuto lanu lifunika kulisaka mwa njira ina.

Pa za lamba pali magulu awiri, ndipo apa m'pamene pagona ndalama zanu. Gulu loyamba ndi injini zimene pisitoni siifika pa valavu ngakhale itatsala yotseguka. Toyota 4A-FE, 5A-FE ndi 7A-FE za mu Corolla, Sprinter ndi Carina, komanso 3S-FE ndi 5S-FE za mu Corona ndi Camry, zili m'gulu limeneli. Lamba akaduka galimoto imangoima, mumaika wina n'kunyamuka. Gulu lachiwiri ndi zimene amakaniko amazitcha interference, mmene pisitoni ndi valavu zimagwiritsa ntchito malo amodzi mosinthana. Za dizilo zonse zimene timazidziwa zili muno: 2C, komanso 3L ndi 5L za mu Hiace ndi Hilux, 1KZ-TE ya mu Prado ndi Surf, 4D56 ya mu Pajero ndi L200, WL ya mu Ford Ranger ndi Mazda B2500. Za petulo za Honda zakale monga D15B nazonso ndi za interference. Mukapanda kutsimikiza gulu la injini yanu, muitenge ngati ya interference.

Ngati injini yazima kale

Kumbukirani kaye mmene inamvekera pamene munayesa kuliza koyamba, paja pafupifupi aliyense amayesa kamodzi asanaganize. Injini yabwino ikamazungulira pa sitata imamveka molemera, mokwera ndi kutsika, chifukwa silinda iliyonse ikufinya mpweya pa nthawi yake. Lamba akaduka imazungulira mwachangu, mopepuka, phokoso lake lili lofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Munthu amene wakhala ndi galimoto yake zaka zingapo amamva msanga kuti lero yamveka zachilendo.

Pa injini za gulu loyamba lija mungathe kuyesa motere. Tsekulani kachivundikiro kothirira oyilo, unikani ndi tochi, mnzanu alize kwa masekondi awiri kapena atatu. Ngati mukuona camshaft ikuzungulira, lamba akugwirabe. Ngati sitata ikulira koma mkatimo muli zii, mwapeza vuto. Zivundikiro zina zili ndi kachitsulo kotchinga pansi pa bowolo moti simungaone kanthu. Zikatero, pa injini ya distributor, chija chogawa moto ku mapulagi, masulani kapu yake muyang'ane rotor. Rotor imayendetsedwa ndi camshaft, ndiye ikapanda kusuntha yankho ndi lomwelo. Apa anthu ambiri amaluza ndalama pachabe. Amaona kuti ku mapulagi kulibe moto, amathamangira ku Malangalanga kukagula koyilo, mapulagi, mwinanso distributor yathunthu, chonsecho moto wasowa chifukwa distributor yo siikuzungulira.

Pa dizilo ndi zina zonse za interference musayese zimenezi. Chotsani waya wa negative pa batire, mupite ku chivundikiro.

Chivundikiro cha pamwamba chimagwidwa ndi mabawuti a sipanala ya 10 kapena timakilipi. Pa injini zina muyenera kuyamba mwasuntha mapaipi, kapena kuchotsa chivundikiro cha mavalavu kuti chituluke. Pa Hiace mumafikako pokweza mpando, ndipo malo ndi opanikiza, choncho dekhani. Mukatsekula, lamba woduka sabisika. Mwina palibiretu pa pulley, wagwera pansi, kapena alipo koma mukamukoka ndi zala akubwera yense.

Chimene chimapusitsa ndi lamba amene akuoneka wathunthu, wokungika bwino, zilembo zikuwerengeka. Musafulumire kumukhululukira. Lamba wokalamba kapena wonyowa ndi oyilo amathothoka mano pansi, pa giya yaing'ono ya crankshaft, pamene mphamvu yonse imakokera. Giyayo imangozungulira pamalo osalala, lamba ali chiimire, ndipo kumtunda kumene mukuyang'anako zonse zimaoneka bwino. Mukadzamutulutsa mudzapeza chigawo china chili ngati chitsononkho, mano onse atapita, ndipo manowo mudzawatola pansi pa chivundikiro. Kuti mutsimikize, lembani mzere ndi choko pamsana pa lamba, ndiye muzungulitse crankshaft pang'ono ndi dzanja. Mzere ukapanda kusuntha, mano athothoka.

Kuzungulitsa ndi dzanja kuli ndi malamulo ake. Giya ikhale mu neutral, handibuleki yokoka, batire yochotsa. Pa petulo chotsani mapulagi kuti injini ipepuke. Ikani soketi pa bawuti yaikulu ya pakati pa pulley ya crankshaft, nthawi zambiri 17 kapena 19 pa magalimoto ang'onoang'ono. Pa Corolla ndi zinzake mumafikako bwino mukachotsa tayala lakutsogolo la kumanja ndi pulasitiki wa mkati mwake. Galimoto isakhale pa jeke yokha. Ikani stand, kapena tayala mwachotsalo muligoneke pansi pake. Zungulitsani motsatira mivi ya wotchi mutayang'anizana ndi pulley, kupatula pa Honda zakale za D ndi B zimene zimazungulira mobwerera ndipo lamba wake ali kumanzere kwa galimoto. Pitani pang'onopang'ono. Mukamva kuti yagunda chinthu cholimba, imani, musawonjezere paipi pa sipanala. Imeneyo ndi pisitoni yakumana ndi valavu.

Ngati injini ikulira koma mukukayika

Amene ali pano ndi amwayi, chifukwa akadali ndi mpata. Lamba wa mano nthawi zambiri sachenjeza, koma zinthu zimene amayendapo zimachenjeza. Mverani pafupi ndi chivundikiro injini ikadali yozizira. Kulira kopyapyala kokwera limodzi ndi moto, kukhuluza kwa bearing youma, kapena kumenya kwa lamba wolendewera pa pulasitiki, zonsezi ndi zochokera mkati. Kulira kwa "kwiiii" m'mawa mukangoliza kapena mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto nthawi zambiri ndi fan belt yoterereka. Njira yosiyanitsira ndi kuchotsa malamba onse akunja, n'kuliza injini yozizira kwa kanthawi kochepa kosafika miniti. Phokoso likatha, vuto lili kunja. Likatsala, tsekulani chivundikiro. Musaisiye ikulira nthawi yaitali, chifukwa pa injini ngati 5A-FE water pump imayendera lamba wakunja amene mwachotsayo.

Tsopano muoneni lamba yense, osati kachigawo ka pamwamba kokha. Lembani choko, zungulitsani pang'ono, yang'anani, zungulitsaninso, mpaka mzere wanu ubwerere. Pamsana pake fufuzani ming'alu yopingasa ndi kunyezimira. Rabala yabwino imakhala yakuda mosawala ndipo chikhadabo chimalowako pang'ono, pamene yopsa ndi kutentha imauma gwa. Kenako unikani mkati ndi tochi kuchokera m'mbali, pamene lamba wapindika pa pulley. Yang'anani patsinde pa dzino lililonse. Kamng'alu kopyapyala pamenepo ndiye chiyambi cha kuthothoka. Kansalu kokuta mano kakayamba kuyera kapena kunyotsoka, lamba watha. M'mbali mukaona ulusi ukutuluka, kapena mbali imodzi yadyeka kuposa inzake, ndiye kuti akuyenda mopendekeka chifukwa bearing ina yalekerera. Pitani chala mkati mwa chivundikiro. Fumbi lofiira la m'misewu yathu silodabwitsa, makamaka ngati chivundikiro ndi chosweka kapena mabawuti ena anasowa, ngakhale nalonso limadya lamba. Ufa wakuda wa rabala ndiwo woopsa.

Oyilo pa lamba ameneyu ndi chiweruzo. Rabala imafufuma, imafewa, mano amasiyana ndi thupi lake. Kumutsuka ndi petulo kapena sopo sikubwezeretsa kanthu. Chimodzimodzi madzi a rediyeta.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna mwini galimoto aliyense atachimvetsa. Maso angakuuzeni kuti lamba watha, koma sangakuuzeni kuti ali bwino. Mphamvu yake ili mu ulusi wa mkati umene suoneka, ndipo lamba wosalala bwino kunja angaduke mawa pa chitunda. N'chifukwa chake mbiri yake ndi yofunika kuposa maonekedwe. Pa magalimoto ochokera ku Japan, kumene lamba amasinthidwa pa makilomita 100,000, amakaniko a kumeneko amamata sitika pa chivundikiro kapena pafupi, yolembedwa makilomita ndi tsiku. Chaka nthawi zambiri chimalembedwa m'kawerengedwe kawo. Chikayamba ndi H wonjezerani 1988, moti H22 ndi 2010. Chikayamba ndi R wonjezerani 2018. Mukapeza H22 pa Corolla yanu ndipo palibe amene akukumbukira kuti anasinthanso kuno, lambayo wapitirira zaka khumi, ndipo zilibe kanthu kuti mumangoyenda kuchokera ku Area 25 kupita m'tauni. Rabala imakalamba ngakhale galimoto itaima, ndipo kutentha kwa mu Okutobala muli pa mzere wa magalimoto sikuithandiza. Musadalire kwambiri makilomita a pa dashibodi pa galimoto yodutsa m'manja ambiri.

Hiace ndi Hilux za dizilo zili ndi getsi lolembedwa T-BELT. Getsili silimuona lamba, limangowerenga makilomita: 100,000 kapena 150,000, malinga ndi galimoto. Limatheka kuzimitsidwa popanda kusintha kanthu, ndipo eni maminibasi ena amachita zomwezo kuti galimoto isagone pa galaja. Pogula yakale, getsi lozima lisakutonthozeni mtima.

Lamba wodumpha mano

Pali vuto lapakati limene limazunguza anthu kwa masabata. Lamba sanaduke koma wadumpha dzino limodzi kapena awiri. Galimoto imalira movutikira, imanjenjemera ikaima, ilibe mphamvu pokwera, nthawi zina imaphulitsa ku ekizozi kapena ku air cleaner. Pa 2C, 3L, 5L ndi 4D56 lamba yemweyo amayendetsanso pampu ya dizilo, choncho mumaona utsi woyera, kuvuta kulira m'mawa ndi kugogoda kwachilendo. Zikayamba mwadzidzidzi pambuyo pokankhidwa kapena kukokedwa ili mu giya, kayikirani lamba musanapite kokonzetsa pampu. Pa magalimoto amene kompyuta imawerenga, nambala ya vuto ya P0016 imanena kuti crankshaft ndi camshaft sizikugwirizana, koma zambiri za m'ma 1990 sizilankhula ndi timakina ta masiku ano, ndiye zizindikiro za pa injini ndizo zodalirika.

Zungulitsani crankshaft mpaka kamphako ka pa pulley kaloze pa 0 wa pa chivundikiro cha pansi. Yang'anani ku camshaft. Pa 4A-FE ndi 5A-FE pali kabowo pa pulley yake kamene kayenera kuyang'anizana ndi chizindikiro cha kumbuyo kwake. Injini zina zili ndi kadontho kapena kamzere. Mukapeza chizindikirocho chili kutsidya kwenikweni, musadandaule, zungulitsani crankshaft kamodzinso chibwera. Chikaphonya ndi dzino limodzi kapena kuposa, lamba wadumpha. Pa dizilo onaninso chizindikiro cha pa pulley ya pampu. Samalani ndi pulley ya crankshaft yakale kwambiri. Ili ndi rabala pakati, ndipo mkombero wakunja umatha kuterereka n'kusuntha kamphako kaja. Zikakusokonezani, chotsani pulley muone chizindikiro cha pa giya ya mkati.

Chamupha n'chiyani?

Musaike lamba watsopano musanayankhe funso ili. Lamba atachoka, zungulitsani ndi chala tensioner ndi idler, timawilo timene timakunga ndi kuongolera lamba. Yabwino imayenda mwakachetechete, molimbako pang'ono chifukwa cha girisi. Ikamazungulira nthawi yaitali ndi kaphokoso kouma, ikamagwedera, kapena ikakhala yamtundu wa buluu chifukwa cha kupsa, yatha. Pa injini zimene water pump imayendera lamba ameneyu, monga 3S-FE, 5S-FE ndi Honda D15B, igwedezeni muone ngati ikusewera, ndipo fufuzani zoyera kapena zofiirira zouma pansi pake. Oyilo mumutsate kumene akuchokera: seal ya camshaft, ya crankshaft, kapena gasket ya chivundikiro cha mavalavu. Pa 4D56 pali kalamba kachiwiri kakang'ono ka balance shaft kuseri. Kakaduka kamalowa pansi pa wamkulu n'kumudumphitsa, ndiye onse awiri amasinthidwa limodzi.

Yesaninso camshaft yokha ndi sipanala. Imayenda modumphadumpha chifukwa cha masipuling'i a mavalavu, koma iyenera kuyenda. Ikakana kotheratu yagwira chifukwa chosowa oyilo, ndipo idzathothola mano a lamba watsopano pa kuliza koyamba. Pa interference, musanaikhudze bwezani crankshaft kuti mapisitoni onse akhale pakatikati pa masilinda.

Kodi mavalavu apulumuka?

Pa interference, lamba akaduka injini ili pa moto, yembekezerani kuti china chake chapindika, koma tsimikizani musanalole kuti hedi ichotsedwe. Chotsani chivundikiro cha mavalavu. Pa 4D56 mumapeza ma rocker, tizitsulo tokankha mavalavu, atasweka, ndipo nthawi zina iwo ndi amene amapulumutsa mavalavu. Yezani mpata wa valavu iliyonse ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mipata. Valavu yopindika siibwerera mpaka pamalo pake, choncho mpata wake umakhala waukulu kwambiri kuposa wa zinzake, mwina mpaka kuoneka ndi maso.

Njira ina ndi kupopera mpweya wa kompuresa kudzera pa bowo la pulagi, mavalavu a silinda imeneyo ali otseka. Amakaniko ena amapanga cholumikizira chake kuchokera ku pulagi yakale. Mpweya ukamatulukira ku ekizozi, valavu ya ekizozi yapindika. Ukamamveka ku air cleaner, ndi ya inlet.

Ngati zonse zikuoneka bwino, ikani lamba, gwirizanitsani zizindikiro, muyeze compression, mphamvu imene silinda iliyonse imafinyira mpweya. Pa 4A-FE yathanzi geji imafika cha m'ma 13 kg/cm², siyenera kutsika pansi pa 10, ndipo masilinda asasiyane kuposa 1. Silinda ya valavu yopindika imaonetsa ziro kapena pafupi ndi ziro. Ikakhala yotsika chabe, thirani kaoyilo pang'ono pa bowo la pulagi muyezenso. Ikakwera ndi maring'i otha, nkhani yakale yosakhudzana ndi lamba. Ikapanda kusintha ndi valavu. Dizilo imafuna geji yakeyake ya mphamvu zambiri, ndipo musathiremo oyilo.

Hedi ikachotsedwa, khalanipo kapena pemphani kuti akuonetseni. Palibe chamwano kunena kuti, "Achimwene, tandionetsani mavalavu opindikawo ndi pamwamba pa mapisitoni." Makaniko wodziwa ntchito yake amakondwera ndi funso lotere. Kachipsera kakang'ono pa pisitoni si vuto, koma mng'alu ndi vuto. Ma guide a mavalavu awonedwenso, chifukwa amasweka valavu ikapindika. Pa dizilo ayeze ngati mapisitoni onse akufika pamwamba mofanana, popeza con rod, yolumikiza pisitoni ku crankshaft, nayo imatha kupindika.

Pogula zipangizo, ku Biwi kapena ku Malangalanga, tengani lamba wakale ndi nambala ya injini. Werengani mano, yerekezani m'lifupi ndi kaumbidwe ka dzino, chifukwa ena ndi ozungulira ena ndi a makona. Mayina odziwika ndi Gates, Mitsuboshi, Bando ndi Dayco, koma bokosi lokha si umboni, onani ngati zilembo za pa lamba zadindidwa bwino. Ndikudziwa kuti zinthu zakwera mtengo, komabe lamba wochotsedwa pa injini ina musagule, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti wangotsika kumene kuchokera ku Japan. Musalolenso kuti watsopano apindidwe mwamphamvu kapena kukanulidwa ndi sikuludiraiva pomuveka, ulusi wa mkati uja umathyoka. Tensioner, idler ndi ma seal zisinthireni limodzi, ndi water pump yomwe ngati ili mkatimo, poti ntchito yomasula ndi imodzi.

Akamaliza kumanga, injini izungulitsidwe ndi dzanja maulendo awiri athunthu, zizindikiro zonse zibwerere pamalo pake popanda kugunda paliponse, kenako m'pamene batire ibwezedwe. Mabawuti onse a chivundikiro abwerere, ndipo chikakhala chosweka chisakeni china. Lembani makilomita ndi tsiku ndi penti pa chivundikirocho, ndipo pa Hiace kapena Hilux getsi la T-BELT lizimitsidwe tsiku lomwelo kuti liyambe kuwerenga kuchokera pa lamba watsopanoyu.